NG'OMA YA M'GALIMOTO: KUSANKHA SIPIKA YA BESI NDI BOKOSI LAKE PA NDALAMA ZOCHEPA

Chifikire msewu wa tala wochokera ku Karonga pa boma la Chitipa, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 umene kale unali wosautsa, makamaka m'nyengo ya dzinja, tsopano umatha maola owerengeka okha. Msewu umenewu, umene unamangidwa ndi chithandizo cha dziko la China pambuyo pa chaka cha 2008, unakopa magalimoto ang'onoang'ono ambiri onga Toyota Sienta ndi Probox. Magalimotowa amagulidwa atagwirapo kale ntchito ku Japan, natsitsidwa pa doko la Dar es Salaam, ndipo amalowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Ena a iwo amanyamula anthu ndi katundu pakati pa Karonga ndi Chitipa, ena amakwera mapiri a Misuku, ena amalowera ku Kameme, ku Wenya ndi ku Nthalire.

Kawirikawiri oyendetsa magalimotowa amakhala anyamata amene achoka pa sukulu posachedwa. Mnyamata wotere akangopeza kandalama kapadera, mtima wake umathamangira ku chinthu chimodzi: afuna galimoto yake izigunda. Nyimbo zokondedwa masiku ano, monga amapiano a ku South Africa, bongo flava ya ku Tanzania ndi kalindula wa ku Zambia, zimatsamira pa liu lalikulu lapansi lija lotchedwa besi, ndipo timasipika ta m'zitseko za galimoto sitingathe kulitulutsa. Motero mnyamatayo amapita kukafuna sipika yaikulu imene ogulitsa amaitcha subwoofer.

Koma ndalama sizibwera ndi mphepo. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo katundu yense wochokera kunja, ngakhale wogulidwa pafupi pomwepa ku Tunduma kapena ku Mbeya, anakwera mtengo. Wogula molakwa amataya phindu la masabata ambiri, ndipo nthawi zina amataya batire, mawaya a galimoto, ngakhale makutu ake amene. Chofunika kuti wogula achidziwe asanatulutse ndalama ndi ichi: sipika ndi theka chabe la chida chimene akufuna. Theka linalo ndi bokosi.

PHUNZIRO LA WOSEMA NG'OMA

Mkulu aliyense wodziwa kusema ng'oma ya sendemule kapena ya mapenenga amadziwa kuti chikopa pachokha sichilira. Munthu atachitambasula m'manja ndi kuchimenya, chimangoti phaphapha. Chimayamba kugunda pamene chakungidwa pa mtengo wogobedwa bwino, wopanda ming'alu, wa kukula koyenera chikopacho. Sipika nayo ili chimodzimodzi, ndipo chifukwa chake chimapezeka m'phunziro la sayansi la ku sekondale.

Liu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Kuchuluka kwa kunjenjemerako pa sekondi imodzi kumayezedwa mu hertz. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira pa 20 kufika pafupifupi 20,000 hertz, ndipo besi ya subwoofer imakhala pansi penipeni, pakati pa 20 ndi 100 hertz kapena kupyolapo pang'ono. Popeza liu limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, funde limodzi la liu la 40 hertz limatalika mamita oposa 8 ndi theka, kutanthauza kuti ndi lalitali kuposa galimoto yeniyeniyo. Kuti funde lotere lipangike, pafunika kukankha mpweya wochuluka.

M'sipika muli maginito, koyilo ya waya wopyapyala, ndi pepala lolimba loumbidwa ngati mbale. Magetsi akadutsa m'koyilo, mbaleyo imapita kutsogolo ndi kumbuyo, nikankha mpweya. Kapangidwe aka kanakhazikika mu 1925 ndi ntchito ya Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America, ndipo sikanasinthe kwenikweni kufikira lero. Mbale ya mainchi 12 ndi yotambalala kanayi kuposa ya mainchi 6, chifukwa chake imakankha mpweya umene tisipika ta m'zitseko sitingaufikire.

Tsono vuto ndi ili. Pamene mbale ikupanikiza mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake imasiya mpata. Ngati sipika ili pambalambanda, mpweya wopanikizidwa uja umangozungulira m'mphepete n'kukadzaza mpata wa kumbuyo, ndipo besi imazimirira isanafike m'khutu. Ntchito yoyamba ya bokosi ndiyo kulekanitsa mpweya wa kutsogolo ndi wa kumbuyo. Ichi ndicho chifukwa chake sipika yodula yoikidwa m'bokosi loipa imagonja kwa sipika yotchipa yoikidwa m'bokosi lokhomedwa mwaluso.

MANAMBALA A PA KATONI

Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makatoni a masipika otchipa amalembedwa manambala aakulu ofiira, mwina mawati 2,000, mwina 3,000, ndipo pambali pake pamakhala zilembo zoti PMPO, kapena mau oti Max ngakhale Peak. Nambala zotere zimanena za mphamvu imene sipika ingapirire kwa kamphindi kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo palibe muyezo umodzi umene opanga onse amautsata poziwerengera. Nambala yothandiza ndi ya RMS, imene imasonyeza mphamvu yomwe sipika ingagwire nayo ntchito kwa nthawi yaitali osapsa. Kawirikawiri imalembedwa ndi tizilembo tating'ono kumbuyo kwa katoni kapena pa maginito. Sipika ya mawati 200 mpaka 300 RMS ndi yokwanira m'galimoto yaing'ono, pakuti m'chipinda chaching'ono chotsekeka besi imadzikulira yokha. Katoni imene sinatchule RMS m'pang'ono pomwe ndi yofunika kuikayikira.

Nambala yachiwiri ndi ya ma ohm. Masipika ambiri a m'galimoto ndi a 4 ohm, ena ndi a 2 ohm. Ampulifaya iliyonse ili ndi malire a pansi amene ingapirire, ndipo ikapatsidwa sipika ya ma ohm ochepera malirewo imatentha, mwina n'kupsa. Masipika awiri a 4 ohm olumikizidwa mbali ndi mbali amakhala 2 ohm, pamene olumikizidwa motsatizana amakhala 8 ohm. Anyamata ambiri aotcha ampulifaya chifukwa chongowonjezera sipika yachiwiri osachita kasamu kakang'ono kameneka.

Nambala yachitatu, imene ambiri saiyang'ana n'komwe, ndi ya madesibelo amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi. Kusiyana kwa madesibelo 3 okha kumafanana ndi kuwirikiza mphamvu kawiri. Motero sipika ya madesibelo 89 yopatsidwa mawati 150 imamveka mofanana ndi ya madesibelo 86 yopatsidwa mawati 300. Kwa munthu wa ndalama zochepa, ndiponso wa batire laling'ono, nambala iyi iposa ya mawati kufunika kwake.

Wogula sipika yakale ali ndi njira zitatu zoiyesera pomwepo. Choyamba akankhe mbale pang'onopang'ono ndi zala zoyalidwa mofanana mbali zonse. Akamva kukhula kapena kukanda, koyilo inapindika kapena inapsa. Chachiwiri agunditse mawaya a sipika ku batire la tochi la 1.5 volt, mbale iyenera kusuntha mosavuta. Chachitatu ayang'ane mkombero wa mphira kapena wa siponji wozungulira mbale, pakuti ukang'ambika kapena kufumbwa ndi dzuwa, sipika imataya mpweya. Fungo la kupserera pa maginito ndi umboni wokwanira wakuti sipikayo isiyidwe.

MITUNDU IWIRI YA BOKOSI

Mabokosi odziwika ali a mitundu iwiri, lotsekeka ndi la chibowo. Ponena za bokosi la chibowo, Albert Thuras wa ku Bell Telephone Laboratories analandira chikalata cha umwini wa luso limeneli mu 1932. Bokosi laling'ono lotsekeka linatchuka kuyambira mu 1954, pamene Edgar Villchur anasonyeza kuti mpweya wotsekeredwa ungagwire ntchito ngati sipuling'i yobweza mbale m'malo mwake. Mu 1961 Neville Thiele wa ku Australia anasindikiza masamu ogwirizanitsa sipika ndi bokosi, ndipo Richard Small anawakuza pa Yunivesite ya Sydney kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Mpaka lero opanga masipika odalirika amalemba manambala a akatswiri awiriwa pa kapepala kobwera ndi sipika, pamodzi ndi kukula kwa bokosi loyenera. Kapepala kameneka sikoyenera kutayidwa pamodzi ndi katoni.

Bokosi lotsekeka lilibe potulukira mpweya paliponse. Besi yake imakhala yogwirana ndi yomveka bwino, ngakhale siphokosera kwambiri. Ubwino wake waukulu ndi wakuti limakhululuka: mmisiri akaphonya muyezo ndi malita awiri kapena atatu, khutu silizindikira. Ndiponso mpweya wa m'kati umagwira mbale kuti isadumphe mopyola malire. Sipika ya mainchi 10 kawirikawiri imafuna malita 15 mpaka 25, ndipo ya mainchi 12 imafuna malita 25 mpaka 40.

Bokosi la chibowo lili ndi paipi kapena mpata wotulukira mpweya. Limagwira ntchito monga botolo limene mwana amaliuzira pakamwa nililira: kukula kwa botolo ndi kutalika kwa khosi lake ndizo zimasankha liu. Bokosi lotere likapangidwa molondola limawonjezera mphamvu ya besi pa ampulifaya yomweyo. Koma lili ndi zovuta zitatu. Ndi lalikulu, pakuti sipika ya mainchi 12 ingafune malita 45 mpaka 60. Silikhululuka, pakuti paipi yaifupi kapena yopapatiza mopyola imatulutsa liu limodzi lokhalokha longa kulira kwa mgolo, kapena imapemerera ngati mvukuto. Ndipo nyimbo ikatsika pansi pa liu limene bokosilo linakonzedwera, mbale imasowa choigwira, nidumpha mpaka kudziwononga. Kungoboola bokosi ndi kusomekapo chidutswa cha paipi ya madzi, monga achitira ena, si kupanga bokosi la chibowo. Ndi kuwononga bokosi lotsekeka.

Kwa woyendetsa galimoto ya ku Chitipa palinso nkhani ya malo. Buti ndiyo munda wake. Bokosi la chibowo la mainchi 12 limatenga malo ofanana pafupifupi ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo pa ulendo uliwonse wochokera ku Misuku kapena ku Kameme, thumba la khofi, la nyemba kapena la chimanga limene latsala pansi ndi ndalama yotayika. Mu Sienta, mipando yakumbuyo ikadzutsidwa, malo otsala amachepa kwambiri. Kuwonjezera apo, misewu yambiri ya kumidzi ikadali yafumbi, ndipo chibowo ndi khomo lolowera fumbi, tinjere ta chimanga, ngakhale makoswe. Pa zifukwa zonsezi, munthu wa ndalama zochepa amene galimoto yake ndi yantchito amachita bwino kusankha sipika imodzi ya mainchi 10 kapena 12 m'bokosi lotsekeka. Amene alibiretu malo angathe kugula subwoofer yaphanthiphanthi ya mainchi 8 yokhala ndi ampulifaya yakeyake m'kati, yoikidwa kunsi kwa mpando. Siigwedeza msewu, koma imadzaza nyimbo m'galimoto.

MASAMU A MMISIRI WA MATABWA

Mabokosi ogulitsidwa okhomakhoma kale nthawi zambiri amaoneka okongola chifukwa cha kapeti wokutidwa kunja, koma m'kati mwake mumapezeka thabwa lopyapyala la utuchi. Thabwa lotere limanjenjemera pamodzi ndi sipika, ndipo mphamvu imene ikanakhala besi imathera m'kugwedeza khoma la bokosi. Mmisiri wa matabwa wa pa boma angathe kukhoma bokosi labwino koposa, malinga apatsidwe miyezo yolondola.

Thabwa loyenera ndi la MDF kapena pulayiwudi wokhuthala mamilimita 18. MDF ndi yolemera ndipo siinjenjemera, koma ikanyowa imatupa ndi kuyoyoka. M'galimoto yonyamula zidebe, nsomba za ku Karonga kapena katundu wonyowa ndi mvula, pulayiwudi amakhalitsa. Matabwa ocheka ku mtengo, ngakhale ndi olimba, amapindika ndi kutsekuka m'molumikizira nyengo ikasintha, ndipo mpweya umapeza pothawira.

Kuwerengera malita n'kosavuta. Munthu achulukitse utali, mulifupi ndi kuya kwa m'kati mwa bokosi m'masentimita, kenaka agawe ndi 1,000. Mwachitsanzo, bokosi la masentimita 40 ndi 35 ndi 25 m'kati mwake limakhala la malita 35. Pochotsapo malita awiri kapena atatu amene maginito ndi thupi la sipika zimatenga, pamatsala malita 32 kapena 33, oyenerana ndi masipika ambiri a mainchi 12. Cholakwa chofala ndi kuyeza kunja. Miyezo yomweyo ikakhala ya kunja, thabwa la mamilimita 18 limadya masentimita 3.6 pa muyezo uliwonse, ndipo m'kati mumatsala malita 24 ndi theka okha. Malita oposa 10 amakhala atapita chifukwa cha kuika tepi pamalo olakwika. Ngati kapepala ka sipika kalemba muyezo mu cubic foot, wowerenga adziwe kuti imodzi ndi malita 28 ndi pang'ono.

Pokhoma, molumikizira monse mupakidwe guluu wa matabwa, mumangidwe ndi masikuluwu, osati misomali, pakuti misomali imazuka ndi kugunda kwa besi ndi mabampu a msewu. M'kati, m'ngodya zonse mumatidwe silikoni, ndipo aume kaye tsiku lathunthu sipika isanaikidwe. Pobowola potulukira waya pamatidwenso. Bokosi likatha, mbale ikankhidwe pang'ono: ikabwerera mwaulesi popanda kumveka kufwentha kwa mpweya, bokosi lagwira. Pomaliza, bokosilo limangiriridwe ku thupi la galimoto, chifukwa chinthu cholemera makilogalamu 15 kapena 20 chimene chili chomasuka chimasanduka mwala woponyedwa pa okwera galimoto ikaima mwadzidzidzi.

MAGETSI NDI MOTO

Subwoofer siingalire ndi wailesi ya galimoto yokha; imafuna ampulifaya, ndipo mphamvu ya RMS ya ampulifayayo iyenera kuyandikana ndi ya sipika. Pali njira yachidule yodziwira ngati ampulifaya ikunena zoona: kuyang'ana fyuzi yake. Injini ikamalira, magetsi a galimoto amakhala pafupifupi 14 volt. Ampulifaya ya fyuzi ya 20 ampere siingalandire mawati oposa 20 kuchulukitsa ndi 14, amene ali 280, ndipo gawo lina la amenewa limatayika ngati kutentha. Choncho ngakhale pa chivundikiro chake palembedwe 2,000, chimene ingapereke kwa nthawi yaitali ndi mawati 200 ndi pang'ono.

Ampulifaya yopereka mawati 300 enieni imakoka pafupifupi 27 ampere ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Alternator ya galimoto yaing'ono inapangidwira nyale, mawaipa ndi injini, ndipo chotsala chake si chochuluka. Nyale zikamaphethira motsatana ndi kugunda kwa nyimbo usiku, ndiye kuti magetsi akuperewera. Kuliza besi injini ili chozimitsa, poyembekeza okwera pa siteji, kumapha batire msanga.

Waya wochokera ku batire akhale wonenepa, wa kopa weniweni. Wa nambala 8 amakwanira mphamvu yotereyi. Mawaya ena otchipa ndi a aluminiyamu wongokutidwa kopa, ndipo amatentha msanga. Munthu akapala nsonga yake ndi mpeni amaona kuyera m'kati. Koposa zonse, pa waya ameneyu paikidwe fyuzi pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Fyuzi ya pa ampulifaya imateteza ampulifaya yokha. Waya akakhulika pa chitsulo m'misewu ya mabampu, nakhudza thupi la galimoto popanda fyuzi ya ku batire, amafiira ngati khala ndipo galimoto ingathe kuyaka. Kusunga ndalama ya fyuzi imodzi n'kuika galimoto yathunthu pa ngozi si nzeru.

Pa ampulifaya pali kachitsulo kopotokola kolembedwa gain. Ambiri amakayesa kokwezera mau, nakapotokola mpaka kumapeto. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa ampulifaya ndi wailesi. Kakapyola muyezo, liu limasasa, koyilo imatentha, ndipo sipika imapsa ngakhale ampulifaya ili yaing'ono. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Kachitsulo kena kosefa mau kaikidwe cha pa 80 hertz, kuti subwoofer izisenza besi yokha, mau a woimba azituluka m'masipika a m'zitseko.

MAKUTU ALIBE SITOLO

Sipika ikapsa ina imagulidwa, koma timinyewa ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lapansi ali pa ngozi yowonongeka makutu chifukwa cha kumvera nyimbo mokweza. Muyezo wa bungweli ndi wakuti munthu wamkulu angamvere phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo pa madesibelo 3 alionse owonjezera, nthawiyo imadulidwa pakati. Pa madesibelo 89 pamatsala maola 5 okha pa sabata. Pa 95, ola limodzi ndi mphindi 15. Wokwera amatsika ulendo ukatha, koma dalaivala amakhala m'phokosolo tsiku ndi tsiku. Kulira kwa m'makutu madzulo ndi chenjezo loyamba. Ndiponso dalaivala amene sakumva hutala, njinga yamoto ya kabaza, kapena kufuula kwa mwana woweta ng'ombe m'mbali mwa msewu, akuyendetsa ndi theka la nzeru zake. Agogo ndi makanda amene akwera galimotoyo analipira ulendo, sanalipire dansi.

Mwachidule, wa ndalama zochepa agawe ndalama zake patatu: sipika ya mphamvu yapakati yolembedwa RMS, bokosi lotsekeka la thabwa lokhuthala loyezedwa m'kati, ndi waya wa kopa wokhala ndi fyuzi yake. Akaona kuti ndalama sizikukwana zonse zitatu, adikire mwezi wina, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa aphunzitsi, bokosi la sipika ndi chida chophunzitsira chimene ana amachidziwa kale ndi kuchikonda: m'menemo muli masamu a malita, lamulo la Ohm, maginito ndi mafunde a liu. Kwa amene atsiriza sukulu nasowa ntchito, mulinso mpata wa malonda. Magalimoto a Karonga ndi Chitipa sakuchepa, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene angathe kuwerenga kapepala ka sipika, kuwerengera malita, kukhoma bokosi losataya mpweya ndi kuyala waya wosayatsa moto, ali ndi luso limene eni magalimoto angalilipire.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za kasamalidwe ka batire la galimoto ndi zizindikiro zosonyeza kuti alternator yayamba kufooka.